Tabuleti ya OLED: pa zithunzi ndi mpira palibe chonena, koma powerenga usiku muli kamchenga

Ndakhala nayo miyezi isanu, kuyambira mu Epulo, ndiye zomwe ndilembe pano ndi zomwe maso anga aona, osati zolembedwa pa katoni. Ndi tabuleti ya mainchesi 11, sikirini yake ndi ya OLED, timadontho 2560 m'litali ndi 1600 m'lifupi. Anandibweretsera ndi alamu anga pochokera ku Joni, yogwirako kale ntchito koma yosakalika paliponse. Dzina la kampani ndalisiya dala, poti zimene ndikudandaulazi ndazionanso pa matabuleti a anzanga awiri a makampani osiyana, ndiye si bwino kusenzetsa mmodzi mtolo wa onse. Mtengo nawonso sinditchula, mayi akunyumba amawerenga nawo za pa intaneti.

Ndine mphunzitsi wa Chichewa pa sekondale ina kuno ku Zomba, ndimakhala ku Matawale. Sindinaigulire mafilimu ayi. Ndinkafuna powerengera manotsi, mapepala akale a mayeso a MANEB amene aphunzitsi timatumizirana pa WhatsApp, ndi ma PDF a maphunziro anga owonjezera. Pafoni ndinali nditatopa: kulitsa, kankhira uku, kankhira uko, tsamba limodzi lokha khosi lauma.

Masabata oyamba ndinali ngati mwana amene amugulira nsapato za pa Khirisimasi. Ndinatsegula chithunzi chomwe ndinajambula ku damu la Mulunguzi, madzi ali phee, mitengo ya paini kumbuyo, kenaka china cha masitirobere ofiira psuu aja amagulitsa anyamata m'mbali mwa msewu wokwera ku Chawe. Umachita ngati utola limodzi n'kuponya mkamwa. Pakuda napo pamada bii, ngati sikirini yazima, ndipo pamenepo imakhaladi itazima. Sikirini za LCD, zomwe zili pa malaputopu ambiri ndi matabuleti otsika mtengo, zili ndi nyali kumbuyo yoyaka nthawi zonse, n'chifukwa chake mumdima chakuda chake chimatuwa ngati phulusa. Pa OLED kadontho kalikonse ndi kanyali pakokha, pakafunika pakuda kamangozima. Si luso latsopano kwenikweni: Samsung inatulutsa Galaxy Tab S ya sikirini yamtunduwu mu 2014, ndipo Apple inaiika pa iPad Pro mu 2024. Ukamaonera mpira wausiku wa ku Ulaya pa sikirini yotere umamvetsa chifukwa chake akuikonda.

Nkhani inatembenuka mu Juni. Amene mumakhala kuno mukuchidziwa chisanu chotsika m'phirimu nthawi imeneyo, chiperoni chikagwira masiku atatu osaliona dzuwa. Magetsi anazima madzulo, ine ndinalowa m'bulangete ndi tabuleti yanga, kuwala n'kutsitsa mpaka pansi kuti batire ifike mawa. Ndinali nditaika dark mode, ija mapulogalamu ambiri amaika kumbuyo kotuwa moderako ndi zilembo zoyera. Ndiye ndinaona ngati pagalasi pawazidwa gaga: timadontho tina towalirako, tina toderako, mbuu sikirini yonse. Ndinapukuta ndi nsonga ya bulangete. Osachoka. Ndinauzirapo mpweya n'kupukutanso. Ali pompo.

"Bambo, si maso anuwo? Choko chakudyani zaka zambiri," anatero mayi akunyumba. Nditawapatsa anayang'ana kanthawi, n'kuti, "Iii, zoonadi. Ngati ufa wa mgaiwa."

Loweruka lake ndinatsikira kumsika, kwa mnyamata wokonza mafoni amene anandimatira pulotekita. Ndinasankha ndekha ija yosanyezimira, yokhakhala ngati pepala, chifukwa m'chipinda cha aphunzitsi kwathu mawindo ndi aakulu, komanso cholembera chake chimagwira bwino pamenepo, sichiterera. Mnyamatayo anangoseka. "Aphunzitsi, mchenga winawu munachita kugula nokha, ndi ndalama zanu." Anamatula pakona imodzi n'kutsegula tsamba loyera. Pomatulapo panali poyera mbee, mbali inayo ili waliwali ndi timitundu tosawerengeka. Kukhakhala kuja ndi timabampu ting'onoting'ono tomwaza kuwala kwa dzuwa kuti kusakuthobwe, koma timamwazanso kuwala kochokera mkati, ndiye zilembo zimafika m'maso zitasungunuka m'mphepete. Ndinaika pulotekita yagalasi loonekera, ndipo masamba oyera anasintha tsiku lomwelo. Pamenepo tabuleti inalibe mlandu, wolakwa ndinali ine.

Koma usiku, nditatsitsanso kuwala, kamchenga ka pa kotuwa kaja kanali kakadalipo. Kameneka ndi kamkati, sikamatulika. Akatswiri a masikirini amakatchula kuti mura, mawu a Chijapani otanthauza kusafanana. Poti kadontho kalikonse kamadziyatsa kokha ndi magetsi akeake, timadontho toposa 4 miliyoni sitingawale ndendende mofanana. Kuwala kukakhala kokwera, kusiyana kwake sikuoneka. Ukatsitsa kwambiri, magetsi opita ku kadontho kalikonse amachepa zedi, ndiye kusiyana pang'ono pokha kumaonekera poyera, monga m'mene mawu a munthu wophonya nyimbo amabisalira kwaya ikamaimba mokweza koma n'kudziwika ikatsitsa. Pa yangayi, kuwala kukapitirira pang'ono kotala kamchengako ndimachita kukafunafuna. Pakuda penipeni palibe, poyera sindikaona. Kamakonda pa kotuwa koderako basi, ndipo tsoka lake mtundu umenewo ndi womwe mapulogalamu ambiri anasankha pa dark mode. Ya mnzanga wina kali ndithu koma kochepa kuposa pa yanga, ndiye zikuoneka kuti pogula pamafunikanso mwayi.

Tsono za zilembo, zomwe kwa ine ndiye phata la nkhani. Ndikaigwira patali ngati buku, zilembo zapakatikati zimaoneka bwino, sindinama. Vuto ndi tizilembo tating'ono, ta m'munsi mwa tsamba ndi ta m'matebulo. Ife a Chichewa tili ndi poyesera pathu: kachipewa ka pa ŵ mu Malaŵi, ndi kankhodolero ka mu ng'ombe kapena m'mudzi. Pa tsamba lathunthu losakulitsa, kachipewako kamakhala ngati kathimbirira, ndipo ukayandikitsa maso umaona kamzere kofiirira mbali ina ya chilembo, kobiriwira mbali inayo. Tsiku lina ndinayerekeza PDF imodzimodzi ndi tabuleti ya LCD ya mphunzitsi mnzanga wa sayansi, yomwe anagula pa mtengo wosafika theka la yanga. Zithunzi zake zinali zozizira, zopanda moyo. Koma zilembo zakuda pa tsamba loyera zinali zakuthwa kuposa zanga. Zinandiwawa, koma ndi momwe zilili.

Iyeyo ndi amene anandionetsa chifukwa chake. Kuona maso a nkhono n'kudekha: anaviika kamtengo ka machesi m'madzi, n'kudontheza kadontho kamodzi pa tsamba loyera pa sikirini iliyonse. Kadontho kamadzi kamakuza zinthu ngati galasi la mu labu. Pa yake munaoneka timizere titatu tofanana, kofiira, kobiriwira ndi kabuluu, titandandalika bwinobwino ngati mizere ya m'munda wolimidwa ndi chingwe. Pa yanga timitunduto tinali tosiyana kukula, kabuluu kakakulu kuposa tinzake, ndipo sitinali pa mzere umodzi. Amatero dala, chifukwa kabuluu ka OLED kamakalamba msanga, ndiye amakakulitsa kuti kasamagwire ntchito mopanikizika. Pa mafoni ambiri amafika mpaka pogawanitsa kofiira ndi kabuluu pakati pa timadontho toyandikana, njira yomwe amaitcha PenTile, koma pafoni suzindikira chifukwa timadontho timathithikana, 400 kapena kuposa pa inchi imodzi. Pa tabuleti ngati yanga ndi pafupifupi 270 basi, ndiye m'mphepete mwa chilembo mulibe pobisala. Mukayesa za madzizi, kadontho kamodzi kokha, kutali ndi pochajira, n'kupukuta msanga.

Mapepala a mayeso a pa WhatsApp aja, ojambulidwa ndi foni, ndiye osanena. Amabwera kale osaoneka bwino, ena opendekeka, ena ali ndi chithunzithunzi cha dzanja la wojambula. Pamenepo ndimakulitsabe ngati kale, kungoti pano ndi kamodzi osati kanayi.

Chinanso chomwe sindinkachiyembekezera ndi mutu. Masiku amene ndinkawerenga mumdima kuwala kuli pansi, pakatha ola limodzi maso ankalemera, pamphumi pali gwa. Masikirini ambiri a OLED akamachepetsa kuwala amachita kuyaka ndi kuzima mwaliwiro loti diso silingaone, zomwe amati PWM. Ndinaloza kamera ya foni pa sikiriniyo ndipo panaoneka mizere yakuda ikutsetsereka. Mayi akunyumba samva kanthu olo awerenge mpaka pakati pa usiku, ndiye zimatengera munthu. Ine ndili m'gulu la ovutikalo.

Zomwe ndikuchita pano n'zosavuta. Magetsi akazima ndimayatsa kanyali ka sola pambali kuti ndisatsitse kuwala mpaka pansi. Powerenga ndimaika tsamba la mtundu wa pepala lakale, lachikasu pang'ono, zilembo zakuda, n'kuzikulitsa sitepe imodzi. Kamchenga kamatha, mutu osawawa. Ndinayesanso tsamba lakuda bii ndi zilembo zoyera: kamchenga kulibe ndipo batire imakhalitsa, poti timadontho tambiri timakhala titazima, koma ukamakankha tsamba zilembo zimasiya kamchira ngati utsi, ndipo ine zimenezo zimandizunguza. Tsamba lowala limadya batire mofulumirako, komabe imandifikitsa tsiku lonse la kusukulu. Za zipsera zotsalira pa sikirini, zomwe anthu amaopa pa OLED, pa miyezi isanuyi sindinaonepo. Pulotekita yagalasi nayo ili ndi msonkho wake: ndikakhala pansi pa mtengo wa mango nthawi ya buleki, ndimadziona nkhope yanga kuposa manotsi.

Pa nyenyezi zisanu, pa zithunzi, mpira ndi makatuni a ana ndiipatsa zonse zisanu. Pa ntchito yomwe ndinaigulira ndiipatsa zitatu. Ngati cholinga chanu ndi kuwerenga ma PDF ndi kulemba manotsi, monga ambiri a ku Chanco ndi ku Domasi amene amandifunsa, LCD yabwino ikukwanirani ndipo chenji mugulira bandulo ya miyezi ingapo. Ngati mtima wagwa kale pa OLED, kaya mukugula m'tauni muno kaya ku Limbe, musalipire mutangoona kanema wa maluwa amene wogulitsa amakuonetsani. Pitani ndi chithunzi cha mtundu wotuwa woderako ndi PDF ya tizilembo tating'ono m'foni mwanu, muwatumizire, mutsitse kuwala mpaka pansi, mufunde jekete pamutu pamodzi ndi tabuletiyo, muyang'ane. Akuyesani wozungulira mutu, koma mudziwa chomwe mukutenga. Ikakhala yomatidwa kale pulotekita yokhakhala, apempheni amatule kaye pakona.

Alamu anga akubweranso mu Disembala ndipo anandifunsa ngati ndikufuna akaisinthe. Ndinawauza kuti ayambe afunsa adzukulu awo, chifukwa Loweruka lililonse ine ndimachita kuibwereka kwa iwowo.