Mayi otithandiza kupeza nyumba ku Joni: ndalama sinapite pachabe, koma ndili nawo madandaulo

Anthu angapo a kumpingo komanso anzanga a kumsika wa Taifa ku Mzuzu kuno akhala akundifunsa za mayi aja anatithandiza kupeza nyumba ku Joni, ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi m'malo moyankha mmodzimmodzi, bandulo yadula masiku ano. Dzina lawo sinditchula pano, wofuna nambala andipeze pambali. Ndi mayi a kwathu konkuno, a ku Nkhata Bay, akhala ku Johannesburg zaka zambiri, ndipo si ejenti wa nyumba ayi, iwo ntchito yawo ndi kukufunsani za banja lanu, kuyenda kukaona madera m'malo mwanu, kukujambulirani mavidiyo, kenako kukulumikizani ndi ma ejenti enieniwo.

Bambo a ana anapita 2022, akugwira ntchito ya zamagetsi ku Strijdompark cha ku Randburg, koma nthawi yonseyi amagona ku Rosettenville m'chipinda chimodzi ndi anyamata awiri a ku Mzimba. Titagwirizana kuti ine ndi ana titsatire, iwo maganizo awo anali achidule, apeze flat yokulirapo konkuko ku Rosettenville basi nkhani yatha. Amuna inu. Ine ndili ku Chibavi kuno, Joni ndimangoimva, ndipo chimene chinandikhala mumtima ndi moto uja wa pa 31 August 2023 ku Marshalltown, nyumba ya Usindiso, anthu 76 anafa ndipo ena mwa iwo anali Amalawi anzathu. Kuyambira pamenepo ndikamva mawu oti flat yotchipa pafupi ndi tawuni mutu umandiwawa. Ndinawauza kuti ana anga sindikawaika pamalo pomwe sindinawaone ndi maso, ngakhale maso a pafoni.

Tsiku loyamba kuyankhulana ndi mayiwa pa WhatsApp ndinali nditakonzeka kunena za bajeti, koma funso lawo loyamba linali lakuti, "Achemwali, ana ali makalasi anji?" Ndinadabwa. Wamng'ono akuyamba Grade 1, wamkulu akalowa Grade 4. Ndiye anandifotokozera zinthu zimene ngakhale bambo a ana, zaka zonsezi ali konko, samazidziwa. Ku Gauteng, chigawo chomwe kuli Joni, mwana wa Grade 1 ndi Grade 8 m'sukulu zaboma amalembetsedwa pa intaneti, pakati pa chaka cha m'ma July ndi August, pomwe sukulu imatsegulidwa January osati September ngati kuno. Ndipo sukulu iliyonse ili ndi dera lake lomwe amati feeder zone, oyamba kuganiziridwa ndi ana omwe nyumba yawo ili m'deralo, kenako amene ali ndi m'bale wawo pasukulupo, kenako amene kholo limagwira ntchito chapafupi. Umboni wa komwe mumakhala amaufuna, ndipo kwa ife ochita lendi umboniwo ndi pepala la lendi lija. Ndiye kuti adilesi imene mwasainira ndi imene ikusankhireni sukulu. Ife tikanayamba ndi nyumba, n'kumadzafuna sukulu December titafika, bwenzi mwana ali pamzere wodikira. Pa ichi chokha ndinaona kuti ndalama yanga yabwerera.

Anandiuzanso za fizi, kuti sukulu zaboma kumeneko si zonse zaulere, anazigawa m'magulu asanu, za m'madera osauka ndi zaulere koma za m'madera ochita bwino zimalipiritsa ndipo zina zimalipiritsa zedi. Ndiye ukamawerengera lendi uziphatikiza ndi fizi ya sukulu za deralo, osangosangalala kuti nyumba ili pabwino. Wa Grade 4 uja amafunika kukapempha malo kusukulu konko, ndipo mayiwa anapita okha masukulu atatu kukafunsa, bambo a ana ali kuntchito.

Za mayendedwe anachita masamu osavuta. Kuchoka ku Rosettenville kupita ku Strijdompark ndi mathakisi awiri, kutsikira kaye m'tawuni n'kukweranso ina, m'mawa ndi madzulo. Anati tiwerenge ndalama ya mwezi wonse, tiwerengenso nthawi imene bambo azifika kunyumba ana atagona kale. Zitaphatikizidwa, lendi yodula pang'ono ya ku Ferndale, komwe kuli koyandikana ndi kuntchito, inasiya kuoneka yodula kwambiri. Ine ndinafunsa za Gautrain poti ndimaiona pa TikTok, anaseka, ati sitimayo imadutsa Rosebank, Sandton, Midrand mpaka Pretoria, ku Randburg kulibe siteshoni, ndipo si ya tsiku ndi tsiku kwa munthu wa malipiro ngati athu. Anandiphunzitsanso pavidiyo kuimika thakisi, chala m'mwamba ndiye kuti ukupita kutawuni, chala pansi ndiye kuti chapafupi. Kuno timangokuwa "sacramento!" njinga n'kubwera yokha.

Koma chimene ndinawakondera kwenikweni ndi mavidiyo. Samajambula m'nyumba mokha ngati ma ejenti aja ongoonetsa makabati ndi matailosi onyezimira. Malo aliwonse amapitako kangapo, m'mawa 6 koloko anthu akupita kuntchito, madzulo kutada, komanso Loweruka usiku. Vidiyo ya Loweruka usiku ndi imene inagwetsa nyumba ina yomwe ine ndinali nditaikonda kale, ya khonde lokongola, kuseri kwake kunali malo omwera mowa, nyimbo zikugunda mpaka foni yawo kumanjenjemera. Masana simungadziwe. Amayenda wapansi kuchoka pageti mpaka pasukulu foni ili m'manja, ine ndikuona ndili kuno kuti mwana aoloka misewu ingati, pali maloboti kapena ayi, magetsi a mumsewu akuyaka kapena anafa kalekale. Malibongwe Drive ndinaiona ndekha, msewu umenewo mwana wa zaka 6 saoloka yekha, ndiye nyumba zonse za tsidya lina tinazichotsa. Amalowanso m'bafa kutsegula mpopi, amafunsa alonda kuti madzi anasiya liti komaliza ndipo anatha masiku angati, pali thanki kapena ayi, poti vuto la madzi ku Joni lilipo ndithu, anthu amangokamba za magetsi pomwe kuzimazima kwa magetsi kwachepa poyerekeza ndi 2023. Ndipo amakonda kucheza ndi azimayi ogwira ntchito m'nyumba akamatuluka pageti madzulo, ati amenewo ndi amene amanena zoona za kompuleksi, osati eni ake.

Anatipulumutsanso kwa wakuba. Bambo a ana anapeza nyumba pa Facebook, yotchipa modabwitsa, mwini wake ati ali ku Durban, titumize dipoziti kaye makiyi atipatsa mlonda. Iwo anali atatsala pang'ono kutumiza. Mayiwa anangoti, "Achimwene, musatumize ngakhale randi imodzi," anapita pa adilesiyo, anapeza muli banja lina likukhala bwinobwino, silikudziwa n'komwe kuti nyumba yawo ili pamalonda. Lamulo lawo ndi loti osalipira usanalowe mkati, ndipo ngati ndi ejenti aonetse Fidelity Fund Certificate yake, chiphaso chosonyeza kuti ndi ejenti wovomerezeka. Pa nyumba imene tinatenga anaumirira kuti tsiku lolandira makiyi ayendere limodzi ndi ejenti, alembe chilichonse chosweka ndi kujambula, chifukwa lamulo la lendi la ku South Africa la 1999 limafuna zimenezo, komanso limati dipoziti isungidwe ku akaunti yopeza chiwongoladzanja. Ine zaka zonse ndachita lendi ku Mzuzu kuno, Luwinga, Chiputula, Chibavi, sindinaonepo landilodi akundibwezera dipoziti ndi kachiwongoladzanja pamwamba, kungobweza yeniyeniyo ndi nkhondo.

Tsopano madandaulo, chifukwa alipo.

Mtengo wawo si wa masewera. Tinalipira R2,500, theka poyamba theka titasaina, kuphatikiza ndalama ya mafuta pa maulendo ena. Mukaisintha mu kwacha mugwira pamutu. Ndipo kuyankha amachedwa, amatha masiku awiri uthenga atauona, iwe uli kuno mtima uli m'mwamba poti nyumba zabwino sizikhalitsa. Imodzi inatiphonya choncho.

Chachiwiri, mayiwa ali ndi madera awo a pamtima ndipo ena safuna n'kuwamva komwe. Nditatchula Cosmo City anangoti ayi osafotokoza zambiri, pomwe msuweni wanga amakhala konko ndi ana atatu, ali ndi kabwalo kawo, amadzala mpiru kuseri, sukulu zili pafupi, lendi ndi yotsikirapo. Sindikunena kuti kulibe mavuto, koma ndikanakonda andijambulire ngati mmene anajambulira kwinako ndisankhe ndekha. Kwa iwo malo abwino a ana ndi kompuleksi ya geti, mlonda ndi waya wamagetsi basi. Ngati bajeti yanu ndi yochepa muwauze molimba kuyambira tsiku loyamba, apo ayi azingokutumizirani zomwe simungakwanitse mpaka muyambe kudziona ngati osauka.

Chachitatu ndi chimene chinandipweteka. Malamulo a kompuleksi, aja a body corporate, sanatifotokozere tisanasaine, tinawawerenga pambuyo. Muli malire a anthu ogona m'nyumba, zipinda ziwiri anthu anayi, ndipo ife ndife anayi kale. Tsono apongozi akafuna kubwera kudzaona adzukulu akagona kuti? Nanga mwana wa achimwene akatsika basi pa Park Station usiku n'kuimba foni kuti ankolo ndafika, timuuze kuti malamulo sakulola? Munthu wa ku Nkhata Bay akudziwa bwino kuti nyumba ya Mmalawi ku Joni ndi depoti ya mudzi wonse, amayenera kutichenjeza. Mulinso zoti osayanika zovala pakhonde, phokoso lithe 10 koloko usiku, ana asasewere poimika magalimoto. Mwamwayi pali kabwalo ka ana ka udzu kumbuyo, chimenecho anachiyang'ana, ndiwayamikire. Nditawadandaulira anavomera kuti analakwitsa, ati kuyambira pano azitumiza malamulowo pamodzi ndi zithunzi. Ndiye inu mukawagwiritsa ntchito muwakumbutse, muwerenge tsamba lililonse musanapereke dipoziti.

Za mapepala a Home Affairs sakhudza n'komwe, ndipo amanena poyera kuti si ntchito yawo, anangotikumbutsa kuti sukulu ikafuna mapepala a ana okhala bwino, masatifiketi a kubadwa, khadi la katemera la kusikelo ndi malipoti a sukulu ya kuno. Khadi la kusikelo la wamng'ono ndinalipeza pansi pa sutikesi litadyedwa ndi mphemvu pakona, ndinathamanga nalo kukapanga fotokope tsiku lomwelo.

Pa nyenyezi zisanu ndiwapatsa zinayi. Ngati mukupita nokha, mnyamata wosakwatira, musawononge ndalama, anzanu akupezerani pogona. Koma ngati pali ana a sukulu ndipo mmodzi wa inu ali kuno sangathe kukaona yekha, ayimbireni, ndipo muyambe April kapena May kuti pofika July pepala la lendi likhale m'manja.

Ife tatenga ya zipinda ziwiri ku Ferndale, R8,000 pamwezi, magetsi a pripedi. Wamng'ono malo anapeza, kuyenda wapansi mphindi 12 malinga ndi vidiyo, za wamkulu a kusukulu akutiuza kuti tidikire kalata. Tikwera basi sabata yachiwiri ya December, masiku awiri panjira kudzera Tete ndi Beitbridge. Majuzi ndalongedza onse ngakhale bambo a ana akuti December kumatentha, poti akuti June wa ku Joni amaposa wa ku Mzuzu, zomwe sindikhulupirira mpaka ndikazione. Mbaula ndampatsa neba. Usipa wokha ndiye ndanyamula, m'malamulo aja ndafufuza tsamba ndi tsamba sindinaupezemo.