Ndemanga yanga: madala amene anakonza mawaya ndi mafyuzi a batire ya lithium mu kalavani, nyenyezi 4 pa 5

Ndakhala miyezi isanu ndi iwiri ndikugwiritsa ntchito ndiye pano nditha kulankhula. Ine ndimakhala kuno ku Joni, mbali ya Pretoria, ndipo kakalavani kathu ndi kakale ndithu, tinagula kwa mzungu wina amene anatopa nako. Kanabwera ndi mabatire awiri a lead a 105Ah, olemera ngati matumba a simenti, ndipo pofika tsiku lachiwiri kutchire filiji inali itayamba kale kulira alamu. Ndiye ndinagula lithium imodzi ya LiFePO4 ya 200Ah, BMS yake (kachipangizo koteteza batire, kamene kamadula magetsi zinthu zikalakwika) ya 200A, ndi inverter (yosintha magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba) ya 1500W. Batireyo ndilibe nayo mlandu, ndi yabwino, ndimainyamula ndekha osaitana munthu. Nkhani yanga ili pa mawaya.

Poyamba ndinapita kwa mnyamata wina wotchipa, dzina sinditchula, amene anangochotsa mabatire akale nkuika yatsopano pa mawaya omwewo a 16mm², nkumati bwana musadandaule izi ndi plug and play. Fyuzi ya 100A itapsa kawiri iye anangoti ndi yaing'ono, nkuikapo ya 250A. Ine pamenepo ndinkaona ngati wandithandiza eti, fyuzi yaikulu ndiye kuti mphamvu zambiri, kuganiza kwa munthu wosadziwa kumeneko.

Tinakaona zenizeni ku Tsendze mu paki ya nyama ya Kruger, kampu ija ya pafupi ndi Mopani yomwe kulibe magetsi. M'mawa amayi a kunyumba ayatsa ketulo ya 1200W pa inverter kuti timwe tiyi, posakhalitsa kafungo ka pulasitiki kayamba kutuluka pansi pa bedi pomwe pamakhala batire, iwo kukuwa "abambo a Chisomo bwerani kuno china chake chikupsa!" Ndinatsegula bokosi, waya wofiira uja wafewa ngati chingamu, pa lug, kachitsulo ka kumapeto kwa waya komangira pa batire, pachita kuda, kukhudza kuotcha chala. Fyuzi ili phee, osapsa. Tinamaliza masiku atatu otsalawo tikuwiritsa madzi pa gasi, ine ndikugona ndi diso limodzi.

Titabwerako ndi pamene mnzanga wa kutchalitchi anandilozera madala awa amene ndikuwapatsa nyenyezi. Chimene ndinawakonda, asanagwire sipanala anatenga kaye pepala ndi bolopeni. Anati mwana wanga, 1500W pa 12V ndi ma amp pafupifupi 140 ukawerengera zotayika mu inverter, ketulo yako yokha imakoka kupitirira 100A, ndiye waya wa 16 ukuufunanji pamenepa? Kenaka anadula waya wakale uja nkupala ndi mpeni, mkati moyera. Aluminiyamu wopaka kopa pamwamba, ija amati CCA. Ndinangoti ayi ndagwa nayo.

Mawu awo amene anandikhala m'mutu ndi akuti fyuzi ntchito yake ndi kuteteza waya, osati ketulo kapena inverter. Waya ukakhala wotha kunyamula 100A iwe nkuika fyuzi ya 250A, ndiye kuti wayayo ndi amene wasanduka fyuzi, apsa iyeyo poyamba, ndipo akupsera pansi pa matiresi. Ndiye umayamba ndi ma amp amene ukoke, usankhe waya woposa pamenepo, kenaka fyuzi ikhale pakati, yoposa katundu wako koma yosaposa mphamvu ya waya. Kwa ine anaika waya wa kopa weniweni wa 50mm², wofiira ndi wakuda onse ofanana kukula, utali wosafika mamita awiri chifukwa inverter anaisuntha kuibweretsa pafupi ndi batire, ndi fyuzi ya 200A.

Pa mtundu wa fyuzi ndi pamene tinakanganako pang'ono chifukwa cha mtengo. Ine ndimafuna ANL yomwe ndinali nayo kale, iwo anakana kuti pa lithium yaikulu chonchi amaika Class T basi. Akuti lithium ikachita shoti imatulutsa ma amp masauzande nthawi imodzi, ndipo fyuzi iliyonse ili ndi malire a moto umene ingathe kuudula, ukapitirira moto umangolumpha mkatimo ngati wowotcherera zitsulo ngakhale fyuziyo yapsa kale. Class T imadula mpaka 20,000A, ANL ndi cha m'ma 6,000A. Ndinafunsa kuti nanga BMS si ilipo? Anaseka nkuti BMS ndi zamagetsi, tsiku lina ikhoza kufa magetsi akudutsabe, fyuzi ndi chitsulo sichinama. Anaiika pafupi penipeni ndi mutu wa batire, osafika masentimita 18, kuti kachidutswa ka waya kopanda chitetezo kakhale kakafupi.

Chinanso chimene mnyamata woyamba uja analakwitsa, anaika washala pakati pa lug ndi mutu wa batire. Kanthu kakang'ono koma ndi pomwe pamatenthera kwambiri. Lug imayenera kugona pa mutu penipeni, washala pamwamba. Ma lug onse madalawa anafinya ndi crimper ya hydraulic nkuvekapo heat shrink, kapulasitiki kamene kamagwira waya ukakatenthetsa, osati zomenya ndi hamala zija.

Kuchajira kuchokera ku galimoto nakonso kunali nkhani. Kale waya wa 6mm² umachoka ku batire ya Hilux mpaka ku kalavani, mamita asanu ndi awiri kupita kokha, ndiye pa 30A umataya kupitirira volt imodzi panjira, nchifukwa chake timafika ku kampu batire isanadzadze olo titayenda tsiku lonse. Pano pali wa 16mm² kudzera pa pulagi ya Brad Harrison ya 50A, ndi chaja ya DC-DC ya Victron Orion ya 30A mkati mwa kalavani kuti lithium isamakoke mwadyera nkutopetsa alternator, ija imachaja batire ya galimoto. Fyuzi 60A ku mbali ya galimoto, ina ku mbali ya kalavani, poti mbali zonse kuli batire. Kuchoka Pretoria kukafika pa geti ya Kruger ya ku Phalaborwa timapeza yadzadza. Chaja ya 230V yakale anaichotsa, inali ya lead yokha, anaika yotha kufika 14.2V ya lithium.

Nyenyezi imodzi ndawachotsera pa zifukwa izi. Anati masiku atatu, kalavani inakhala kwawo masabata awiri akuti Class T yasowa kwa owagulitsa, chabwino zimachitika, koma WhatsApp osayankha, blue tick yokhayokha mpaka ndinachita kupitako ndekha Loweruka. Komanso sanandiuze kuti ndigule fyuzi ya sipeya, ndinadzazindikira ndekha kuti ikapsa ndili ku Kruger sindingaipeze pa filling station iliyonse, ndinachita kuitanitsa ina ndipo si yotchipa ayi. Chithunzi cha mmene mawaya ayendera anandijambulira nditapempha kachitatu, pa katoni ya fyuzi yomweyo, ndinachimata mkati mwa chitseko cha bokosi.

Za kuzizira anandichenjeza ndipo zinachitikadi. Mu Julayi tinagona kampu ina cha ku Dullstroom, m'mawa udzu uli mbuu ndi chisanu, BMS inakana kulandira chaji mpaka dzuwa litakwera, poti lithium siichajidwa kukazizira pansi pa 0°C. Ndikanapanda kuuzidwa ndikanati yafa.

Pano ketulo imawira, ndimayika dzanja pa waya uja mwachizolowezi, amangofunda pang'ono basi. Amayi a kunyumba mpaka lero akayatsa inverter amayamba anunkhiza kaye pansi pa bedi.