Khoswe pamkhate: Thirteen kapena The Lincoln Lawyer, muyambe liti?

Juni wa ku Mzuzu salola munthu kucheza pakhonde. Dzuwa likangolowa chifunga chimatsetsereka kuchokera ku Kaning'ina, zala zimauma, chotsala n'bulangete, tiyi wa mandimu ndi buku. N'chifukwa chake kagulu kathu ka owerenga, kamene kamakumana kawiri pamwezi kunyumba kwa aphunzitsi ena ku Katoto, kanagwirizana kuti chisanu chino tiwerengeko nkhani ya m'khoti yothamanga, yokhala ndi chigawenga chopha anthu motsatizana. Patebulo panafika mabuku awiri. Anesi a ku Chibavi anabweretsa Thirteen la Steve Cavanagh, lomwe achemwali awo anawatumizira kuchokera ku Johannesburg. Ine ndinabweretsa The Lincoln Lawyer la Michael Connelly, lomwe ndinatola pamulu wa mabuku akale pafupi ndi msika, chikuto chake chitamatidwa ndi selotepi. Lililonse linali kope limodzi, ndiye tinkabwerekana ngati mchere. Pomwe aliyense ankamaliza onse awiri, kagulu kanali katang'ambika pakati.

Zina za m'katimo ndiulula, poti palibe kuchitira mwina. Mathero okha ndiwasiya.

Thirteen linatuluka mu 2018, ndipo ndi lachinayi pa mabuku a loya wotchedwa Eddie Flynn, tambwali wakale amene anasiya kubera anthu n'kuvala suti ya m'khoti ku New York. Simufunika kuwerenga atatu oyambawo. Katswiri wa mafilimu, Bobby Solomon, akuimbidwa mlandu wopha mkazi wake ndi mkulu wa alonda ake. Umboni wonse ukuloza iye. Koma chikuto cha bukulo chimakuuziratu kuti wakupha weniweni sali m'kabokosi ka woimbidwa mlandu, wakhala pakati pa jury, anthu wamba khumi ndi awiri amene ku America amagamula ngati munthu ali wolakwa kapena ayi. Dzina lake ndi Joshua Kane. Amapha munthu amene waitanidwa ku jury, n'kutenga nkhope ndi dzina lake, n'kukakhala pampando wake.

Apa mlembi anaganiza bwino, ndipo ngakhale ine wa mbali inayo ndimuvulira chipewa. Kuti munthu apezeke wolakwa m'khoti la ku New York pamlandu wotere, onse khumi ndi awiri ayenera kugwirizana. Wofuna kupulumutsa munthu amangofunika kuuma mutu yekha. Kane akufuna zosiyana: kuti wosalakwa amangidwe, mlandu utsekedwe, apolisi asiye kufunafuna. Ndiye ayenera kukoka anzake onse, ndipo amene akuoneka kuti akana kukokeka ayenera kuchoka pampandopo mwanjira ina iliyonse. Choncho imfa iliyonse m'bukumo ili ndi ntchito yake. Mitu yake ndi yaifupi, imasinthana: uwu akulankhula Flynn, wotsatira tili m'mutu mwa Kane. Ukati nditsirize kamutu aka kokha ndigone, umapeza tambala akulira. Anesi aja anati analimaliza masiku awiri, mbali ina akuunikira ndi tochi ya foni magetsi atathima. Sizodabwitsa kuti mu 2019 linapata mphotho ya Theakston Old Peculier ya buku la umbanda la chaka ku England.

The Lincoln Lawyer ndi lakale, la mu 2005, ndipo siliyamba ndi liwiro lotero. Mickey Haller ndi loya wa ku Los Angeles wopanda ofesi. Amagwirira ntchito kumpando wakumbuyo wa galimoto ya Lincoln, dalaivala wake ndi kasitomala wakale amene akubweza ngongole ya mlandu poyendetsa. Makasitomala ake ndi ogulitsa mankhwala ozunguza bongo, mahule, anyamata a njinga zamoto. Mitu yoyambirira umangoyenda naye khoti ili, khoti ilo, akulondola ndalama zake. Mnyamata wina wa ku yunivesite ya Mzuzu amene timakhala naye m'kagulumu anati anatsala pang'ono kulitaya, akuti limachita ngati minibasi yodikira kuti idzaze pa depoti. Kenako pakubwera Louis Roulet, mwana wa banja lolemera logulitsa nyumba ku Beverly Hills, amene akuimbidwa mlandu womenya mkazi wina modetsa nkhawa. Haller akuona nyama yonona.

Chapakati pa buku zinthu zimatembenuka. Mabala a mkaziyo akufanana ndi a mkazi wina, Martha Renteria, amene anaphedwa zaka zingapo m'mbuyomo. Pamlandu umenewo Haller ankaimira Jesus Menendez, mmphawi amene ankalumbira kuti sanaphe. Haller sanamukhulupirire. Anamunyengerera kuti avomere mlandu n'cholinga choti apewe chilango cha imfa, ndipo Menendez akufota kundende ya San Quentin. Tsopano loyayu wazindikira kuti wakupha weniweni ndi amene wakhala naye pambali m'khoti, amene akumulipira. Sangaulule, chifukwa lamulo limamanga pakamwa pa loya pa zimene wamva kwa kasitomala wake. Akaulula, laisensi yapita, ndipo umboniwo khoti silingaulandire. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Theka lotsala la bukuli ndi Haller akufunafuna njira yophera khosweyo mkhate osasweka, uku akuyenera kumuimira mwamphamvu pamaso pa jaji.

Mkangano woyamba unali woti kodi Roulet n'chigawenga chopha motsatizana kapena ayi. Anesi anati ine ndabera, buku langa silikuyenera mpikisano, chifukwa mitembo ndi yochepa ndipo sitimuona akusaka anthu. Zoona, sitimuona. Connelly akutitsekera m'mutu mwa Haller kuyambira tsamba loyamba mpaka lomaliza, ndiye za Roulet timazidziwa pamene loya wake wazidziwa, ndipo timangozindikira pang'onopang'ono kuti aka sikoyamba. Kwa ine mantha ake ali pomwepo. Kane timamudziwa mopitirira muyeso. Samva ululu chifukwa cha matenda obadwa nawo, amatha kutsanzira mawu ndi mayendedwe a munthu aliyense, wakhala akupusitsa apolisi ndi FBI, bungwe lofufuza milandu la ku America, kwa zaka zambiri, akusiya kandalama ka dola pa mitembo. Pofika pakati ndinasiya kumuopa, ndinayamba kumuona ngati wamatsenga wa m'nthano za pamoto, uja woti mpeni sulowa. Roulet ndi munthu wamba wa ndalama ndi amayi ake omuikira kumbuyo. Otere timakumana nawo pa Katoto filling station tsiku lililonse, atatsitsa galasi pang'ono.

Aphunzitsi, eni nyumba, anaima pakati. Iwo anayang'ana Chingerezi, poti amaganizira ana awo a Fomu 4. Anati cha Cavanagh ndi chopepuka, ziganizo zazifupi, mwana akhoza kuthamanga nacho, koma magazi achuluka moti sangalipereke kusukulu. Cha Connelly chili ndi mawu ambiri a m'makhoti a ku California ndi chinenero cha m'misewu, munthu umafunika kuleza mtima. Anaonjezera kuti olemba onsewa akudziwa zimene akunena: Cavanagh anali loya kwawo ku Belfast, pomwe Connelly anali mtolankhani wa nkhani za umbanda ku nyuzipepala ya Los Angeles Times. Mwina n'chifukwa chake wina amakoma pofunsa mboni mafunso opinda, winayo amakoma m'makonde a khoti, momwe maloya amanong'onezana ndi oimira boma pa milandu n'kugulitsana zaka za anthu ngati tomato.

Mnyamata wa ku yunivesite uja anafunsa funso limene linasintha macheza. Anati kodi Thirteen ikanatheka kuno? Tonse tinatembenukira kwa madala a m'kagulumu, amene anapuma ntchito ya ukalaliki ndipo anakulira ku Blantyre. Anavula magalasi. Anati masiku ano mlandu wakupha ku High Court amaweruza ndi jaji, ngakhale panali zaka zina, ulamuliro wa chipani chimodzi utatha, pamene anthu wamba ankaitanidwa kukakhala pa jury. Ndiye Kane wa lero akanasowa mpando. Koma anatichenjeza kuti tisaganize kuti funso loti woweruza ndani ndi la azungu okha. Anatikumbutsa za Chilobwe, pakati pa 1968 ndi 1970, pamene anthu ankaphedwa usiku m'nyumba zawo, mzinda wonse ukugona ndi nkhwangwa kumutu, mphekesera zikuti magazi akugulitsidwa ku South Africa. Mu 1970 apolisi anagwira Walla Laini Kawisa, ndipo anaweruzidwa kuti aphedwe. M'nyengo yomweyo boma linapatsa ma Traditional Court mphamvu yozenga milandu yakupha, makhoti amene woimbidwa mlandu sankaloledwa kukhala ndi loya. Ndi khoti lotero limene mu 1983 linagamula kuti Orton Chirwa ndi mkazi wake Vera aphedwe pamlandu woukira boma, Orton amene anali loya iye mwini, wa ku Nkhata Bay konkuno, n'kudzafera kundende ya Zomba mu 1992. "Ana anga," anatero madalawo, "inu mukuopa wakupha wokhala pa jury. Ife tinkaopa khoti lopanda Flynn, lopanda Haller." Tiyi anazizira m'makapu.

Madalawo voti yawo anaponyera Thirteen, zomwe sindinayembekezere. Anati pa msinkhu wawo sawerenga kuti akumbutsidwe zowawa, amawerenga kuti aseke ndi kudzidzimuka, ndipo Flynn ndi tambwali wosangalatsa kuyenda naye.

Ine chimene chinandigwira pakhosi ndi Menendez. Msuweni wanga anakhalapo pa rimandi miyezi yambiri pamlandu wakuba umene ankaukana. Tinkapita ndi nsima m'kontena, n'kukhala pabenchi ya khoti m'mawa wonse, n'kumva kuti mlandu wauimitsa, fayilo sinafike, mboni sinabwere. Tsiku lina wina wodziwa za makhoti anandikokera pambali n'kunena kuti, achimwene, muuzeni angovomera, apatsidwa zochepa, masiku a rimandi awerengedwa, atuluka msanga. Ndinakamuuza. Ndi ine amene ndinakamuuza. Nditafika pamutu umene Haller akupita ku San Quentin kukaonana ndi munthu amene sanamukhulupirire, ndinatseka buku n'kutuluka panja m'chifunga. Thirteen linandilanda tulo usiku uwiri, koma sabata itatha ndinali nditaiwala kale mayina a theka la anthu a pa jury ija.

Sindikunena kuti la Connelly lilibe zilema. Akazi a m'bukumo, kupatula Maggie McPherson, mkazi wakale wa Haller amene ndi woimira boma pa milandu, ambiri alipo kuti avulazidwe kapena atumidwe. Anesi anadandaula zimenezi ndipo sindinawatsutse. Chinthu china cha kumathero, chokhudza amene anaombera mfuti, ena anachinunkhiza kudakali kutali. Nalonso la Cavanagh lili ndi chobisika chake chakumapeto, ndipo apo ndivomereze kuti anandigwira njakata: ndinkaloza munthu wolakwika pa jury mpaka tsamba lomwe mlembi anandiseka.

Za kapezedwe kake: mabuku a Connelly ndakhala ndikuwaona kawirikawiri pa milu ya kaunjika, poti ndi akale ndipo anasindikizidwa ochuluka. La Cavanagh sindinalionepo pamsika, mungafunike wachibale wa kunja kapena kugula la pafoni. Amene mumakonda kuonera, The Lincoln Lawyer ili ndi filimu ya mu 2011 momwe Matthew McConaughey ndi Haller, ndipo imatsata bukuli. Koma samalani ndi ya Netflix imene inayamba mu 2022: dzina ndi lomwelo, koma gawo lake loyamba latengedwa m'buku lina la Haller, The Brass Verdict, ndiye Roulet simumupezamo. Mnyamata wa ku yunivesite anawononga bandulo yake usiku wonse poganiza kuti azembe kuwerenga, n'kubwera kumsonkhano akunena za mlandu umene enafe sitinaumvepo.

Ndiye muyambe liti? Ngati muli pa basi ya usiku yopita ku Lilongwe, kapena mukudikirira wodwala kuchipatala ndipo mukufuna maola athawe, tengani Thirteen, simunong'oneza bondo. Ngati ndalama ikukwanira buku limodzi loti likhale pashelefu, mudzalibwerezenso zaka zikubwerazi, ine ndikuti The Lincoln Lawyer, ndipo mupirire nayo mitu yoyambirira ija, minibasiyo ikadzaza imathamanga. Ngati munaperekezapo wachibale kukhoti, liwerengeni masana.

Mavoti athu anatha anayi kwa atatu, Thirteen litapambana. Anesi anaimba nthungululu ngati kuli chinkhoswe. Pobalalika ndinafunsa za kope langa la selotepi lija, kuti ndibwerere nalo kunyumba. Madala aja anali atalilowetsa kale m'thumba la jekete. Anati pali mutu umodzi akufuna aubwereze, adzandibwezera Loweruka linalo.