Webmin ndaipatsa nyenyezi zinayi, yachisanu ndaisunga

Ndagwiritsa ntchito Webmin kwa chaka ndi theka pa seva ya ofesi yathu kuno ku Dedza boma. Sevayo ndi kompyuta yakale ya Ubuntu, imasunga mafayilo a anthu 14 kudzera pa Samba, pulogalamu yogawira mafayilo pa netiweki. Webmin ndi pulogalamu yaulere yoyendetsera seva podina mabatani m'malo molemba malamulo. Ukaiika, umangotsegula browser, n'kulemba adiresi ya seva ndi port 10000, basi zonse zili pamaso pako. Kutsegulira munthu watsopano akaunti, kumupatsa foda yake, kukonza nthawi ya backup, ndi mphindi ziwiri zokha. Apa sindinganame, yandipeputsira ntchito kwambiri.

Chimene chikundidetsa nkhawa ndi mnyamata amene ndikumuphunzitsa ntchito. Ndi wochangamuka zedi, ndipo mwezi woyamba usanathe anali atawadziwa mabatani onse. Ine ndinkangoti mwana wapsa, ndingathe kumusiyira ofesi.

Mu Julaye, kuzizira kuja kwa Dedza kuli pachimake, ndinapita kumaliro ku Lizulu. Magetsi anathima, ndipo atayaka seva inakana kudzuka. Disiki ya backup inali italeka kuoneka, koma dzina lake linali lidakali mu /etc/fstab, fayilo ya mndandanda wa madisiki amene Ubuntu imawafuna ikamadzuka, choncho Ubuntu inaima pa emergency mode, sikirini yongolembapo malamulo okonzera vuto. Pamenepo netiweki imakhala isanayambe, ndiye Webmin simungaipeze. Si vuto lake, ndi mmene zimayendera.

Anandiimbira mawu akunjenjemera: "Achimwene, sikirini yada bii, pali zilembo zokhazokha. Ndidine pati?"

Panalibe podina. Ndinachoka pasiwa n'kukaima kuseri kwa nyumba, foni kukhutu, kumuuza chilembo chimodzichimodzi: lsblk kuti tione madisiki, kenako nano, pulogalamu yosinthira mafayilo, kuti atsegule fstab, aike # kutsogolo kwa mzere wa disiki ija kuti Ubuntu iudumphe. Ntchito ya mphindi zisanu inatitengera pafupifupi ola, chifukwa fayilo imeneyi anali asanaionepo chiyambire. Mtima unandipweteka, pakuti wolakwa ndinali ine. Ndinamupatsa mabatani osamuonetsa chimene batani lililonse limalemba kunsi kwake.

Ndipotu Webmin sibisa kanthu. Ukadina Save pa Samba, imasintha fayilo ya smb.conf yomweyo imene ukanasintha ndi manja. Aliyense wofuna atha kuitsegula n'kuona mzere umene wasintha. Koma zinthu zikamayenda bwino ndani amatsegula? Ngakhale ineyo malamulo ena a iptables, otetezera seva pa netiweki, amene ndinkawalemba osayang'ana paliponse ayamba kundithawa.

Kwa amene muli kale ndi luso la terminal, kumene mumalemba malamulo ndi manja, itengeni, simudandaula. Kwa amene mukuphunzitsa achinyamata m'masukulu ndi m'maofesi athuwa, chonde musayambire pamenepa. Ife tsopano Lachisanu lililonse masana timatseka browser. Mnyamata uja amatsegula akaunti ndi adduser, amaona malo otsala ndi df -h, amawerenga journalctl mokweza ine ndili phee pambali. Sabata yatha waika yekha nofail, mawu ouza Ubuntu kuti isaime disiki ikasowa, pa mzere wa disiki yatsopano, ine ndisanamuuze.