Situdiyo yomwe tinajambulira nyimbo za kwaya yathu ku Chilomoni: makutu ali nawo, koma nthawi sasunga

Chiyambire pomwe nyimbo zitatu za kwaya yathu zinayamba kuyenda pa WhatsApp anthu sakundipumitsa, aliyense akufuna adziwe kuti tinajambulira kuti ndipo ngati ndalama yathu inagwira ntchito. Ndiye ndati ndingolemba kamodzi basi. Situdiyo yake ili konkuno ku Blantyre mbali ya Chilomoni, dzina sinditchula poti pali zina ndidandaule kumunsiku ndipo sindikufuna kuipitsa munthu amene mbali yaikulu anatigwirira ntchito yabwino.

Tinapita oyimba 14 kuphatikiza ine amene ndimaphunzitsa nyimbo. Mtima unali m'mwamba chifukwa m'mbuyomu tinajambulapo kwina, kachipinda komata mathileyi a mazira kukhoma, tonse kuunjikana pa maiki imodzi, mapeto ake besi osamveka n'komwe sopulano ikuboola makutu. Mathileyi aja satchinga phokoso abale, musamanamizidwe. Kuno zipinda ndi ziwiri, china cha oyimba china cha pulodyusa ndi kompyuta yake, pakati pali galasi lochindikala, m'makoma anaika mapanelo okutidwa ndi nsalu ndipo m'makona muli ena okhuthala kwambiri oti azimeza kugunda kwa mawu apansi. Ukaomba m'manja mkatimo mawu amangofera pompo osabwerera.

Zipangizo si zoti munthu n'kudabwa nazo. Pulodyusa wake amagwiritsa ntchito pulogalamu ya pa kompyuta yojambulira nyimbo yotchedwa Cubase, ali ndi Focusrite Scarlett ija yolumikiza maiki ku kompyuta, yolowa maiki 8, maiki a Rode NT1-A awiri, Shure SM57 ya ng'oma, ndi masipika a Yamaha HS8 aja oyera pakati. Zimenezi zimapezekanso m'masitudiyo ena ambiri m'tauni muno. Chomwe sindinachionepo kwina ndi mmene mkuluyu amamvetsera.

Tisanajambule chilichonse anati tiyimbe nyimbo yonse kuyambira poyamba mpaka pomaliza, iye atangokhala phee maso atatsinzina, kompyuta osaikhudza. Titamaliza anandiitanira pambali, osati pagulu, n'kundiuza kuti "akulu, atena anu awiri akumatsika pang'ono pa kolasi, komanso gulu lonse likumathamanga mukafika vesi yachitatu." Ndinachita manyazi koma zinali zoona ndithu, kutchalitchi sitizindikira chifukwa mpingo ukayamba kuomba m'manja tonse timangotengeka. Ndiye anatiyatsira kaphokoso kaja ka tik tik m'mahedifoni kosungitsa liwiro, koma eee kanatisokoneza, amayi ena anangovula mahedifoni n'kunena kuti akulephera kupemphera ndi chinthu chikugogoda m'khutu. Wina akanatikakamiza. Iyeyu anasintha njira, anatenga mnyamata wathu wa ng'oma yekha n'kumujambula ndi tik tik uja, kenako visekese, ndiye ife tonse timayimba motsatira ng'oma yathu yomwe tinaizolowera. Liwiro linakhazikika koma nyimbo sinafe. Pamenepa mpamene ndinadziwa kuti sitinataye ndalama.

Mawu amajambula gulu ndi gulu, sopulano anayi, alto anayi, tena atatu, besi atatu, ndipo gulu lililonse limayimba kawiri kuti pomikisa, pophatikiza mawu onse kukhala nyimbo imodzi, aike ulendo wina kumanzere wina kumanja, n'chifukwa chake mukamamvera pa mahedifoni mumaona ngati tinalipo 30. Wa mawu amphamvu amamuimika kumbuyo pang'ono, wa mawu ofewa pafupi. Mayi amene amatsogolera anawajambula paokha, kansalu kozungulira kaja kali patsogolo pa maiki kuti mpweya wa p ndi b usamaphulike, ndipo anawauza kuti pakati pa pakamwa ndi maiki pazikwana chikhatho chotambasula. Vesi imodzi anabwereza ka 7 koma sanawakalipire ngakhale kamodzi, amangoti "amayi imwani kaye madzi, tibwerezenso, yapitayi inali pafupi."

Pa kumikisa mpamene tinasiyana maganizo. Mix yoyamba atanditumizira ndinakhumudwa. Anali atawongola mawu a mayi aja ndi pulogalamu yowongolera manoti yotchedwa Melodyne mpaka kumveka ngati si iwo, pajatu iwo akamalowa mu noti amachita kutsetsereka kuchokera pansi, ndi mmene amayi a kwathu amayimbira pamaliro ndi pa mapemphero, ndipo n'zimene zimapangitsa munthu kugwetsa misozi. Kompyuta inaona ngati ndi kulakwitsa ndiye inazisita zonse. Ndinamuimbira ndinati achimwene, awa si amayi athu, mwatibweretsera munthu wina. Anandiuza kuti ndipite tikakhale limodzi, ndipo tinakhala masana onse akuchotsa kuwongola kuja mzere ndi mzere, anangosiya malo atatu okha pomwe noti inaphonyekadi. Akuti anazolowera achinyamata a afro ndi dancehall amene amafuna mawu owongoka chonchija.

Tsiku limenelo ndinaphunzira zambiri chifukwa sabisa ntchito. Anandionetsa mmene amadulira kugunda kwa pansi pa 100Hz pa masopulano poti kumeneko kulibe mawu awo, kumangokhala phokoso la mapazi ndi mpweya. Kompulesa amaika kuti pomwe wotsogolera wanong'ona pasasowe ndipo pomwe wakuwa pasaboole. Pali kena kochepetsa kuswa kwa s, Chichewa chathuchi chili ndi ts ndi ps zambiri ndiye maiki ngati Rode ija imazikokomeza. Reverb, kubwerera kwa mawu kuja, anaika yochepa, yongokwanira kuti uzimva ngati tili m'tchalitchi chaching'ono osati m'phanga. Koma chomwe chinandigwira mtima n'choti akamaliza pa masipika akuluakulu aja amatumiza nyimbo pa foni yake n'kumvera pa kasipika ka foni, kenako pa ka Bluetooth kotchipa, akuti anthu anu azikamvera pamenepa ndi mu minibasi osati pa Yamaha. Ndipo zoona pa foni abesi athu anasoweratu, sinanga kasipika ka foni sikatulutsa mawu apansi, ndiye anabwerera n'kukweza mbali ya m'mwamba ya mawu awo mpaka anayamba kumveka.

Pa mastering, kukonza komaliza nyimbo isanatuluke, ndinamupempha kuti ikhale yokwera kwambiri ngati nyimbo za pa wailesi. Anakana mwaulemu. Anati ukaifinya kuti ikuwe, malo ofatsa ndi malo amphamvu amafanana, pomwe nyimbo ya kwaya moyo wake uli pa kusiyana kumeneko, komanso Spotify imatsitsa yokha nyimbo zokuwa kuzifikitsa pa mlingo wake wa kukwera kwa mawu, cha pa -14 LUFS, ndiye umangoononga pachabe. Ndinamvera ndipo sindikudandaula.

Tsopano zodandaula. Nthawi sasunga. Tinagwirizana 8 koloko m'mawa, tinayamba itadutsa 10 chifukwa munali wina amene ntchito yake ya dzulo sinathe, ife tili panja pa kabenchi kamodzi, ena anapempha kuntchito theka la tsiku, ena anasiya ana kwa aneba. Masana magetsi anathima, inveta inagwira maola awiri okha, atayatsa jenereta kulira kwake kumalowa pang'ono m'maiki ndiye tinasiya alto mpaka tsiku lina, thiransipoti kulipiranso kawiri. M'chipinda choyimbira mukutentha koopsa, fani amazimitsa pojambula, ndipo unali Okutobala. Mahedifoni abwino ndi 4 okha. Mix anati sabata imodzi, inatenga pafupifupi mwezi, mafoni ena osayankhidwa, zimenezi zinandipweteka chifukwa ndalama zinali zosonkha kwa anthu osauka ndipo amafunsa ine. Chinanso, titapempha mafayilo a mawu aliwonse payokhapayokha, omwe amati ma stems, anati n'zolipira padera, chinthu chomwe sanatiuze poyamba.

Ndiye amene mukufuna kupitako, mugwirizane zonse musanapereke dipoziti ndipo mulembe papepala: tsiku lolandira nyimbo, kukonzetsa kangati kwaulere, ma stems ali momwemo kapena ayi, komanso kuti nyimbo ndi ya ndani, zimenezi zidzakuthandizani pokalembetsa ku COSOMA, bungwe loona za umwini wa nyimbo. Mutenge flash yanu akuikireni WAV ya 24-bit, fayilo ya nyimbo yosafinyidwa, MP3 ndi yongogawira anthu, ndipo potumizirana pa WhatsApp muzitumiza ngati document. Nyimbo muikonzeretu kunyumba mpaka aliyense aidziwe ali mtulo, maola a mu situdiyo ndi odula kuti muzikaphunziriramo mavesi.

Kwa a kwaya, a gitala ndi ng'oma zenizeni, malowa ndingawavomereze ndi mtima wonse. Ngati muli ndi tsiku lokhazikitsa chimbale lomwe mwalengeza kale, muwerengere mwezi wathunthu wapadera. Ife tatsala ndi nyimbo 5 ndipo tabukitsanso komweko, ulendo uno Lachiwiri m'mamawa kuti tikhale oyamba kulowa, pepala la mgwirizano tasainirana kale, ndipo ndamuuziratu kuti mawu a amayi aja asawakhudze.