Ndemanga yanga pa mestre (makaniko) wa ku Songo amene anayang'ana injini yanga ya boti ndisanaiike pamadzi

Ndadikira miyezi 7 ndisanalembe izi. Makaniko sitimuyamikira tsiku lomwe watibwezera katundu, chifukwa injini iliyonse imalira bwino ikadali pakhomo pa amene waikonza. Yangayi tsopano yadutsa mphepo ya mu Ogasiti pa nyanja ya Cahora Bassa ku Mozambique, yalowanso m'madzi amatope a mvula yoyamba, ndiye pakamwa pangatseguke.

Ine kwathu ndi ku Ulongwe, ku Angónia. Ndinakulira m'munda wa kachewere, za pamadzi sindinabadwe nazo. Anandikokera ku nsomba ndi alamu anga. Timapikula chicoa, nsomba yamchere ija, kwa asodzi a m'misasa ya m'mbali mwa nyanja, n'kukagulitsa kwathu mpaka kumalire a Calómuè. Zaka ziwiri tinkakwera maboti a eni, phindu lonse n'kumathera kwa mwini boti, ndipo mu Meyi tinasonkherana n'kugula lathu la faiba pamodzi ndi injini ya Yamaha Enduro ya mahosipawa 40, yokoka ndi chingwe, yosakaniza petulo ndi oyilo. Sinali yatsopano. Mwini wake ankasiya bizinesi.

Tsiku logula, bamboyo anaipachika pathabwa panja pa nyumba yake, n'kukoka chingwe kamodzi kokha, injini n'kuyamba kubangula. Anaiwonjezera moto kawiri katatu, utsi uli tolotolo, akundiyang'ana monyadira. "Tamverani nokha, achimwene. Imeneyi ndi mkango." Ine ndinagwedeza mutu ngati wodziwa, ndalama n'kupereka. Sindinadziwe kuti pa kamphindi kameneko, ndili chiimire pomwepo, chinthu china chinkapserera m'kati.

Alamu ankafuna tiiponye pamadzi m'mawa mwake. Anatiletsa ndi msodzi wina wachikulire amene anati tiyambe tapita nayo kwa mestre wina wa ku Songo, pafupi ndi damu. Dzina sinditchula, koma oyenda panyanjapo amamudziwa: kashedi ka malata, mgolo wa madzi pakhomo, mainjini akufa atandandalika kumbuyo ngati nkhuni. Iyeyo ndi Mnyungwe, ine Mchewa, ndipo tinkamvana bwinobwino, pena n'kuponyamo Chipwitikizi pa mayina a zipangizo.

Nditamuuza monyada kuti injiniyo tinaiyesa kale ndipo ikulira bwino, funso lake linali limodzi: "Munaiyesera m'madzi?" Nditati ayi, anangopukusa mutu. Anamasula mabawuti a kumunsi, n'kutsitsa mwendo wonse wa giya, n'kutsegula kabokosi ka pampu ya madzi. M'menemo muli kalabala ka mapiko kamene amati impela. Ndi kamene kamakoka madzi a m'nyanja kuwakankhira kumutu kwa injini kuti isatenthe, ndipo madzi omwewo ndi amene amakafewetsa pozungulira. Kakazungulira pouma, masekondi ochepa okha kamakhala katapsa. Kanga kanatuluka kali gwa ngati chikopa chouma, mapiko opindikira mbali imodzi, awiri atathothoka. Mestre sanathamangire kuika katsopano. Anati zidutswa ziwirizo zapita kwinakwake ndipo tizipeza. Anapemerera m'kapayipi ka madzi, anatsegula kumutu, ndipo patatha pafupifupi ola chidutswa chimodzi anachitulutsa ndi kawaya, china chinagwa chokha. Apa ndi pamene ndinayamba kumukhulupirira. Wina akanangoika impela yatsopano, zidutswazo n'kudzatseka njira ya madzi ndili pakati pa nyanja.

Potsegula kumutuko ndi pamene tinaonanso kuti thermostat, kachipangizo koletsa injini kuzizira kwambiri, mulibe, munthu anaichotsa kalekale. Akuti ambiri amatero poganiza kuti injini ikamayenda yozizira ndiye kuti ili bwino. Mestre anati injini yozizira kwambiri siwotcha bwino mafuta, imadetsa mapulagi ndipo imamwa petulo wambiri. Mapulagi anga anachitira umboni: onse awiri anali bii, onyowa ndi oyilo.

Asanapite patali anayeza kaye mphamvu ya masilinda. Anamanga kageji pabowo la pulagi, ine ndikukoka chingwe mpaka thukuta kamukamu. Masilinda awiriwo anawerenga pafupifupi mofanana. Anandiuza kuti chachikulu n'chakuti asasiyane kwambiri, ndipo akasiyana kupitirira gawo limodzi mwa magawo 10 ndiye kuti m'kati muli nkhani yodula. "Mtima wake ndi wabwino," anatero. "Anangoizunza." Anayang'ananso mabawuti ndi penti n'kunena kuti injiniyi sinagwireko ntchito m'madzi amchere. Zina zimachokera ku Beira zitadyeka m'kati, mabawuti ake ukangowagwira ndi sipanala amaduka. Inu ogula, funsani kumene injini inkayenda.

Chimene sindidzaiwala ndi oyilo wa m'giya. Anaika kambale pansi, n'kumasula sikuluu ya m'munsi kenako ya pamwamba. Ndinkayembekeza mafuta oyera ngati uchi. Munatuluka zinthu zotuwa ngati tiyi wamkaka, patsogolo pake patabwera timadontho ta madzi enieni. Anachotsa pulopela, n'kundiitana kuti ndione. Kumbuyo kwake, pa shafiti, panali kamphete kolimba kobiriwira. Ndinkayesa ndi chipangizo cha injini. Inali twaini ya asodzi yomwe inakulungika pamenepo, n'kusungunuka ndi kutentha, n'kumadya pang'onopang'ono timalabala totsekera madzi mpaka madzi anapeza njira. Magiya mwamwayi anali asanadyeke: pa maginito a pasikuluu panali tiutuchi tosalala ta chitsulo basi, osati zibenthu. Anasintha timalabalato, ndipo pothira oyilo watsopano wa SAE 90 anandigwiritsa ineyo botolo. Amathirira kubowo la m'munsi, oyilo n'kumakwera mpaka atulukire kubowo la pamwamba, kuti m'kati musatsale mpweya. Ukatero umatseka pamwamba poyamba, kenako m'munsi mwachangu, ndi mawashala atsopano. Ine ndikanakhala ndekha ndikanathirira pamwamba ngati ndikuthira mafuta m'botolo la nyale.

Kabuleta anaitsuka, sefa ya petulo anaitsuka, chingwe chokokera anasintha chifukwa chinali chitayamba kunyenyeka, girizi anapaka monse mofunika. Izi sindichulutsapo mawu, anachita bwino.

Nkhani ya kasakanizidwe ka mafuta ndiyo tinakanganapo pang'ono. Alamu anali atamva kwa anzawo kuti oyilo ukachulutsa ndiye kuti ukuikonda injini, ndiponso kuti wa njinga yamoto ndi yemweyo. Mestre anakana zonse ziwiri. Anati tizigula wolembedwa TC-W3, wopangidwira mainjini oziziritsidwa ndi madzi, ndipo muyezo ndi 50 kwa 1: thanki ya malita 25 imafuna theka la lita, chigubu cha malita 20 chimafuna mamililita 400. Anatenga kabotolo ka madzi akumwa, n'kuyeza, n'kulemba mizere iwiri ndi msomali wamoto. Kabotolo kameneko kali m'boti mpaka lero, komangirira ndi chingwe. Anatinso tiziyamba kuthira oyilo ndi petulo pang'ono, tikhutchumule, kenako tidzaze.

Pomaliza anaiviika mumgolo, madzi atapitirira pampu, n'kuiliza. Kumbali kunatuluka kamtsinje ka madzi kowongoka, kamphamvu. Anandigwira paphewa n'kuloza. "Achimwene, mukangoliza injini, maso apa. Musanayang'ane kutsogolo, musanapatse moni munthu, apa. Kakasiya kutuluka, zimitsani."

Tsopano zodandaula, chifukwa zilipo.

Anandiuza masiku atatu, ndinakhala ku Songo masiku 9. Zipangizo zina analibe, zinachita kuitanitsidwa ku mzinda wa Tete, mtunda wa makilomita pafupifupi 150, ndipo woyendetsa chapa (minibasi) amene anamutuma anabwera ndi thermostat ya injini ina. Kubweza, kudikiranso. Zoterezi zimachitika, koma iye sankandiuza chilichonse pokhapokha nditamufunsa, ndipo foni sayankha akakhala ndi sipanala m'manja. Malo ogona ndi chakudya zinandidyera ndalama imene ndinkati ndipikulire nsomba. Mtengo wa zipangizo sananenenso poyamba. Ntchito ya manja ake anati 4,000 meticais ndipo sanasinthe mawu, koma zipangizo zitafika ndinapeza kuti zapitirira kawiri ndalama imeneyo. Malisiti anandionetsa, zakale zonse anandibwezera m'jumbo, sanandibere. Komabe munthu umafuna kudziwiratu kuti ukonzeke.

Cholakwa chenicheni ndi payipi ya petulo, ija yochokera kuthanki yokhala ndi kampira kopopera pakati. Anaiyang'ana, anafinya kampirako kawiri, n'kunena kuti ikadali ndi moyo. Ine ndinasangalala kuti ndapulumutsako kenakake. Mu Ogasiti tikuchokera kumisasa ya cha ku Mágoè, boti litadzaza mabelo a nsomba, mphepo itayamba cha m'ma 10 koloko, injini inayamba kutsamwa. Ikakoka pang'ono, n'kufooka, kenako zii. Kukoka chingwe, kulira pang'ono, zii. Amene simunafikeko, nyanja imeneyi inabadwa damu litatsekedwa mu 1974, ndipo mitengo imene inamizidwa nthawi imeneyo ina ikadali chiimire m'madzi, youma, yosongoka. Mafunde ankatikankhira komweko. Netiweki panalibe, ndipo ng'ona za kumeneko simuchita kuuzidwa. Alamu anagwira nkhafi, ine ndikufinya kampira kaja, ndipo ndinaona kuti sikakulimba ngakhale ndifinye kangati. Nditatsatira payipi ndi chala ndinapeza mng'alu waung'ono pafupi ndi polumikizira, pomwe inkayamwira mpweya. Tinadula ndi mpeni wopalira nsomba, kuibwezeretsa, kumanga ndi mphira ya chubu cha njinga. Inalira. Tinafika kudooko dzuwa litapendeka, palibe amene ankalankhula ndi mnzake.

Nditabwerera kwa mestre ndi kachidutswa ka payipiko, sanazembe. Anakapinda, ming'alu n'kuonekera mbali zonse, n'kunena kuti, "Apa ndinalakwa ndine. Dzuwa la kuno limadya labala, ndikanakuuzani mugule ina." Anandimangira yatsopano osalipiritsa ntchito. Ulemu umenewo ndinaulandira, koma mantha a tsiku lija sanandibwezere.

Vuto lina limene ndinakumana nalo silimukhudza iye. Petulo wa m'zigubu amene timagula m'misasa nthawi zina amakhala ndi madzi ndi zinyalala. Kawiri konse ndamasula kasikuluu ka pansi pa kabuleta n'kutulutsa madzi. Pano ndimasefa ndi kansalu, ndipo wa pansi penipeni pa chigubu sindithira m'thanki.

Injiniyi ilibe kowerengera maola, choncho ndinagula kope la ana asukulu, ulendo uliwonse ndimalemba nthawi yonyamuka ndi yofika. Atakwana maola 100 ndinasintha ndekha oyilo wa m'giya monga anandiphunzitsira. Manja ankanjenjemera pomasula sikuluu ija, kuopa tiyi wamkaka. Munatuluka oyilo wakuda pang'ono koma wopanda dontho la madzi. Mapulagi ndinawapeza ofiirira ngati khofi, ouma. Pulopela ndimaichotsa Loweruka lililonse, ndipo katatu ndapezamo twaini itayamba kale kukulungika. Pamalo osaya, makamaka pamene mitsinje imathirira m'nyanja nthawi ino ya mvula, ndimaikweza injini kuti isayamwe mchenga, popeza mchenga ndi umene umapala impela ndi kabokosi kake. Kamtsinje kaja kanafookapo kamodzi, mtima unangoti phaa, koma kanali kachinyalala pakabowo, ndinatokosa ndi twaini yomweyo n'kutseguka.

Petulo ikumwa mocheperako kusiyana ndi injini ya 40 ya mnzathu amene timayenda naye njira imodzi, yomwenso ilibe thermostat. Sindinayeze ndi sikelo, ndikungoona kuti iye chigubu chake chachiwiri amatsegula ine ndisanatsegule.

Pa nyenyezi 5 ndikumupatsa 4. Imodzi yapita ndi payipi ija pamodzi ndi masiku 9 aja. Amene mwagula injini kwa munthu ndipo muli cha ku Songo, Chitima kapena Chicoa, pitani nayo, koma muchite zimene ine sindinachite: mufunseni alembe mtengo wa chipangizo chilichonse asanaitanitse, payipi ya petulo ndi kampira kake mungogula zatsopano osafunsa maganizo a munthu, ndipo musamusiyire injini n'kupita kokacheza. Khalani pompo. Salankhula zambiri, koma ukaima pafupi amakugwiritsa sipanala.

Mwezi wamawa ndikupitanso kuti akatsegule pampu tione mmene impela yapiririra matope a chaka chino. Alamu akufuna tikatengenso kainjini kena ka 15 komwe akugulitsa munthu wa ku Chitima, koti kazikhala kapadera m'boti. Ndawauza kuti mwini wakeyo akonzeretu mgolo wa madzi, ndipo sikuluu ya m'munsi ndikamasula ndekha ndalama zikadali m'thumba.