Ma braces patatha chaka: mano awongoka koma ntchito ikadalipo

Ambiri munati ndidzanene mmene ma braces (tizitsulo ndi waya zimene amaika m'mano kuti awongoke) akuyendera, ndiye pano chaka chapitirira, nayi nkhani yake. Vuto langa linali pawiri, mano a m'munsi anali othithikana mpaka lina linamera kuseri kwa anzake, komanso a m'mwamba anali otuluka kunja moti ndikatseka pakamwa sankakumana bwino ndi a m'munsiwo. Adokotala anayamba ajambula X-ray kenako anazula mano awiri a m'mbali kuti enawo apeze posunthira, apo mtima unandiwawa ndithu chifukwa anali mano abwinobwino opanda bowo.

Kupweteka kulipo koma sikwa tsiku lililonse ayi. Akangosintha waya, zomwe amachita pakatha masabata 4 mpaka 8, masiku atatu kapena anayi oyambirira ndi a phala, nthochi ndi nsima yofewa basi chifukwa dzino lililonse limamveka ngati likufuna kugwa. Akuti waya ukamakoka dzino, fupa limasungunuka pang'onopang'ono mbali imene dzinolo likulowera n'kumamera lina kumbuyo, n'chifukwa chake sangathamangitse ngakhale muwachonderere bwanji. Nzimbe, chimanga chootcha, mtedza wokazinga ndi chingamu ndinasiyiratu, mango ndimadula ndi mpeni apo ayi ulusi wake umakodwa mu waya tsiku lonse.

Chomwe ndikufuna mumvetsetse ndi ichi, mano akutsogolo amawongoka msanga, ine pofika miyezi 6 anthu anali atayamba kale kundiuza kuti basi kachotseni, mukungowataira ndalama adokotala. Koma kuwongoka ndi kwina, kuti a m'mwamba ndi a m'munsi azilumana bwino ndi kwinanso, ndipo apa mpomwe pamadya nthawi. Pano ndili pa timalabala tija timakoweka kuchoka dzino la m'mwamba kufika la m'munsi, usiku ndi usana, ndimangochotsa pakudya ndi potsuka m'kamwa. Timatopetsa zedi, poyasamula timaduka, koma kuyambira pomwe ndinayamba kutivala ndikutafuna mbali zonse ziwiri, chinthu chomwe kale sindinkatha.

Kutsuka musachite nako ulesi chonde. Mswachi wamba sufika pansi pa waya, gulani kaburashi kakang'ono kolowa m'mipata, chifukwa zakudya zikamatsalira mozungulira ma bracket (tizitsulo tomatidwa pa mano togwira wayayo) nkhama zimatupa ndipo pa dzino pamatsala madontho oyera osachoka.

Chondidandaulitsa ndi mtunda, madokotala odziwa ntchitoyi kuno ndi ochepa ndipo ambiri ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre, ndiye wokhala kutali awerengeretu thiransipoti pamwamba pa ndalama ya chipatala. Akuti ndatsala ndi miyezi ingapo, akachotsa ndizivala retainer (kachipangizo kogwira mano kuti asasunthe) usiku chifukwa popanda iyo mano amabwerera komwe anachoka.